Mlembi wa ku Chiputo, Zikomo Anandikanika

Kuno ku Chiputo mukafunsa munthu wodziwa kulemba kalata, ngakhale mwana woweta mbuzi adzakulozerani pakhomo panga. Ndikanati sindikudzitama, koma ndikudzitama ndithu, pakuti ndilo khalidwe langa ndipo ndilo landigwetsa m'nkhani ino. Dzanja langali lalembera anthu makalata opita ku Tete, ku Beira, ku Harare ndi ku Joni. Lalemba ofunsira mbeta, odandaula kwa a shefi a posto, opempha malo a sukulu ku Fingoè, ndi olengeza maliro. Ndimalemba Chichewa, Chipwitikizi, ndi Chingerezi chimene ndidatola ku Petauke. Anthu ankabwera kuchokera ku Chipera ndi ku Malowera atamva mbiri ya cholembera changa. Koma itafika nthawi yoti ndilembe kalata yangayanga, yothokoza munthu amene anadyetsa ana anga m'chaka cha njala, ine katswiri yemweyu ndinagwa chagada, mpaka anachita kundidzutsa ndi mayi a kunyumba amene sukulu anaisiyira panjira.

Kuti mumvetse kukula kwa manyazi anga, muyenera kudziwa kuti ine ndidaona ndi maso anga zimene kapepala kamodzi kamachita kwa munthu wosweka mtima. Ndilibe pothawira poti sindinkadziwa.

Nkhondo itafika m'boma lathu lino la Maravia, tidathawa usiku, amayi, alongo anga ndi ine. Abambo anali atatsikira kunyanja ya Cahora Bassa kukapikula nsomba, ndipo sitidawadikire chifukwa mfuti sizinkadikira munthu. Tidalowa m'Zambia, tidakhala pang'ono m'midzi ya m'malire, kenaka adatitengera ku Ukwimi, malo a anthu othawa nkhondo amene adatsegulidwa mu 1987 m'boma la Petauke. Kumeneko kudasonkhana anthu a ku Mozambique pafupifupi 25,000. Adatipatsa munda, makasu ndi mbewu, ine ndidalowa sukulu. Koma amayi munda uja ankangouyang'ana. Ankadzuka, kukhala pakhonde, dzuwa n'kuwapeza pomwepo, n'kuwasiya pomwepo. Abale ena adayamba kunong'ona kuti tingolira maliro, timete, moyo upitirire. Amayi adakana kumeta, komanso adakana kudya.

Tsiku lina anthu a Red Cross, amene adalemba dzina la abambo miyezi yambiri m'mbuyomo, adabwera ndi pepala. Amene mudakhalako kothawa nkhondo mukulikumbuka: pepala losamata, pamwamba dzina la wotumiza ndi la wolandira, pansi mizere yochepa yolembapo nkhani za pabanja zokhazokha, kuseri kwake malo oyankhira. Za asilikali kapena za ndale sizinkaloledwa, ndipo aliyense wa udindo panjira ankatha kuliwerenga. Ntchito yotere likulu lake lili ku Geneva, kumene idakhazikika pa nkhondo ya 1914 pofuna kulumikiza akaidi a nkhondo ndi abale awo, koma ife tinkangoidziwa ngati pepala la mtanda wofiira. Lathulo lidati: "Ndili moyo. Ndili ku Tete. Mwendo udavulala koma wapola. Zikomo posunga ana."

Ndidawerenga ndine, poti m'nyumba monse wodziwa zilembo ndidali ndekha. Amayi sadalire mokweza. Adangoti, "Bwereza." Ndidabwereza. Madzulo a tsiku lomwelo adadya nsima, m'mawa mwake tambala asanalire tidamva khasu likulira kumunda. Pepala lija adalikulunga m'kapepala ka pulasitiki ka shuga n'kulimanga pamfundo ya chitenje, ndipo usiku uliwonse tikatha kudya ankalimasula n'kunena kuti, "Tawerenga."

Apa ndi pamene uchimo wanga udayambira. Mwana amatopa kuwerenga mizere yomweyomweyo, tsono ndidayamba kuthiramo mchere. Usiku wina abambo "adalembanso" kuti mwana wamwamuna asamatumidwe kumadzi. Usiku wina "adaonjezera" kuti mutu wa nsomba uzipatsidwa kwa amene akuphunzira sukulu, chifukwa umathandiza nzeru. Alongo anga ankandiyang'ana ndi diso la nkhwezule koma analibe umboni. Amayi ankangomvera, mutu wa nsomba n'kundipatsadi. Ndidafika mpaka pa nsapato. Pamenepo amayi adandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe, abambo ako ali ku Tete, koma pepala lawo likungokula ngati dzungu. Bwerera pa mawu aja a ana." Iwo ankafuna mzere umodzi wokha, uja wothokoza. Mayi amene adayenda m'tchire usiku ndi ana, wopanda womuuza kuti wachita bwino, ankafuna kumva kuti wina wake kutali akudziwa zimene adachita.

Mwana wanzeru akadaphunzirapo kuti mawu ochepa oona amadzutsa munthu. Ine ndidaphunzirapo kuti mawu oonjezera amabweretsa mutu wa nsomba, ndipo ndidaupanga kukhala ntchito.

Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ife tidabwerera kwathu mu 1994, chaka cha chisankho choyamba cha zipani zambiri, tili ena mwa anthu pafupifupi 1.7 miliyoni amene adabwerera m'dziko muno nkhondo itatha kuchokera m'maiko oyandikana nafe. Abambo tidawapeza, akutsimphina pang'ono. Nditawafunsa chifukwa chimene adalembera mwachidule chotero, adaseka n'kunena kuti kumbuyo kwawo kunali mzere wautali wa anthu, wolembayo adawauza kuti anene zofunika zokha. Ine mumtima ndidati: akadandipeza ine, pepala lija likadadzaza mpaka m'mphepete.

Nkhondo idamwaza mabanja. Wina adatsalira ku Petauke atakwatira komweko, wina ku Malawi, wina adapitirira mpaka ku Harare. Kwathu kuno kuthokoza timakudziwa, ndipo timakuchita ndi miyendo. Munthu akakuthandiza lero, mawa m'mawa umalawirira pakhomo pake, kuodira, kukhala pansi, kuwomba m'manja n'kunena kuti zikomo za dzulo. Mnzako akaferedwa sumutumizira mawu, umapita kukagona pasiwa. Koma mwana ali ku Joni ungamulawirire bwanji? Pamene miyendo yalephera m'pamene pankalowa kalata, ndipo pamene pankalowa kalata m'pamene ndinkalowa ine, ndi tebulo langa pansi pa mtengo wa mango.

Makalata anga anali ndi mutu, thunthu ndi mchira. Ankayamba ndi moni wautali wofunsa za moyo wa aliyense mpaka nkhuku. Wopita kuboma ankavala "Excelentíssimo Senhor" pamwamba. Koma luso langa lenileni linali kumchira. Gogo wina adabwera kuti ndimulembere mwana wake wa ku Joni amene adamutumizira bulangete. Adati, "Mungomuuza kuti ndalandira, ndikufunda, Mulungu amudalitse." Ine ndidamuuza kuti, "Agogo, pepala n'lodula, ndipo wonyamula kalatayi ayenda ulendo wautali. Zikomo yekha angayende mtunda wonsewo?" Tidaonjezera nsapato, mabatire a wailesi ndi mafuta odzola. Pansi penipeni, mwa zilembo zazing'ono, ndidalembapo kuti amene akuthandiza agogo kulemba makalatawa nawonso alibe wotchi.

Mnyamatayo adabwera pa Khirisimasi n'kufunsa kuti mlembi ndi uti. Adandipeza, adandipatsa moni mwaulemu, adatulutsa wotchi. Kenaka adati, "Bambo, kuja timagona anthu ambiri m'kachipinda kamodzi, timadzuka usiku kupita kuntchito. Kalata ya kumudzi ikafika mtima umagunda. Ndimayambira kuwerenga pansi kuti ndione kaye mtengo wake. Chichokereni kuno sindinalandirepo kalata yongoti zikomo basi." Mawuwo adandilasa ndithu. Wotchi ndidalandira. Ndimavalabe mpaka lero ngakhale idaima kalekale, chifukwa mlembi wopanda wotchi anthu samukhulupirira.

Makalata athu kawirikawiri sankadzera ku positi. Ankayenda m'thumba la dalaivala, la akatekisita, la ochita malonda a panjinga, kapena pagalimoto yodzatenga fodya. Kenaka mu 2012 Movitel idayamba ntchito m'dziko muno, mafoni adafika m'midzi, ndipo makasitomala anga adayamba kutha mmodzimmodzi. Pamene boma linkathetsa Correios de Moçambique mu 2021, ine ndinali nditalira kale maliro a ntchito yanga. Ndinkakhala pansi pa mango paja kunyoza mauthenga a pafoni: opanda moni, opanda mpumiro, opanda ulemu. Amene ndinkamunyoza koposa anali alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, amene adatsalira ku Petauke. Uthenga wawo unkabwera mawu onse atagwirana, osadziwika poyambira ndi pothera. Ndinkauwerenga mokweza pamaso pa anthu kuti tiseke.

Tsono kudabwera 2024. Mvula idadula mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chili pafupi kumasula, ndipo tidachiona chikupota masamba mpaka kuuma chili chiimire. Akuluakulu a zanyengo ankati ndi El Niño. Sikunali kwathu kokha: pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse la Zambia, ndipo mu Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza zomwezo m'maboma 23 mwa maboma 28 a Malawi. Kulikonse kumene tikadathawira kunali kouma. Pofika Okutobala nkhokwe yanga inali malo ogona nkhuku. Tinkadya kamodzi patsiku, nthawi zina phala la gaga, nthawi zina mango aawisi ophika.

Munthu wamba akamva njala amanena. Munthu wovala wotchi amabisa. Ndinkapita pamsika nditaluma kamtengo pakamwa, kutokosa m'mano ngati ndadya nyama ya mbuzi, mimba ikulira moti woyandikana nane ankatembenuka. Mayi a kunyumba adati tiwauze achimwene awo. Ine ndidakana. Ndidati mlembi sapempha kwa munthu wosadziwa mpumiro, poiwala kuti moyo wanga wonse ndakhala ndikupemphera anthu ena nsapato. Paja amati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Iwo adawauzabe mwakabisira.

Patapita masiku pang'ono, mnyamata wa njinga yamoto adaima pakhomo, fumbi thupi lonse, thumba la chimanga la makilogalamu 50 litamangidwa kumbuyo ndi malamba a chubu. Pakamwa pa thumbalo padali kapepala kong'ambidwa m'kope la mwana wa sukulu, kolembedwa ndi pensulo, zilembo zopendekera uku ndi uku: "alamu musachite manyazi ana adye ifenso zativuta koma tigawane mvula idzabwera". Mpumiro munalibe ngakhale umodzi. Ndidakawerengera kuseri kwa nkhokwe, ndipo mwana wanga wamng'ono atandipeza ndikupukuta m'maso ndidamuuza kuti ndi utsi wa kukhitchini, chonsecho moto unali usanasonkhedwe chidzulo chake.

Chimanga chidatithandiza, palibe wotsutsa. Koma ndikuuzeni zoona, kapepalako kadagwira ntchito imene ufa sukadaigwira. Njala ili ndi bodza lake: imakunong'oneza usiku kuti walephera wekha, kuti anzako onse akudya, kuti ukafa palibe adzadziwe. Kapepala kaja kadati "ifenso zativuta", ndipo bodza lija lidatha mphamvu. Alamu sadalekere pomwepo. Sabata iliyonse ankatumiza kauthenga: mwadzuka bwanji alamu, ana ali bwanji, limbani mtima. Pakhomo pathu netiweki imagwira bwino pamwamba pa chulu cha kuseri kwa khola, ndipo ine wonyoza mafoni uja ndinkapezeka pachulupo m'mamawa, foni m'mwamba, kudikira mawu ogwirana aja. Kuyankha ndinkayankha "chabwino" basi, poti yankho lenileni, ndinkatero, likubwera m'kalata yoyenera.

Ndidagula kope latsopano ndi ndalama imene ikadagula mchere. Ndidakhala patebulo langa, ndidakonza wotchi yosayenda ija padzanja, ndidayamba. Kalata ina idayambira pa ufumu wa Undi, kulongosola m'mene Achewa tidalili amodzi azungu asanadule malire pakati pathu. Nditadzaza masamba angapo ndinali ndisanafike pa chimanga. Ina ndidailemba m'Chipwitikizi chokoma zedi, n'kukumbukira pomaliza kuti alamu adaphunzira ku Zambia ndipo Chipwitikizi chawo chimathera pa moni. Ina idayenda bwino kwambiri, mawu ake ogwetsa misozi, koma nditaibwereza ndidapeza kuti dzanja langa, mwachizolowezi, lalemba lokha kumchira kuti "komanso ngati kungatheke feteleza matumba awiri". Ndidaing'amba msanga mayi a kunyumba asanaone.

Iwo ankafunsa. "APhiri, kalata ija yapita?" Ine ndinkati, "Nabanda, kalata yabwino saithamangira. Inu za malembedwe simuzidziwa." Mvula idagwa, tidabzala, tidapalira, tidadya chimanga chachiwisi, kalata ili m'kope. Choipa n'chakuti nthawi ikamapita ngongole inkakula, ndipo ndinkaona kuti kalata yochedwa chotere iyenera kukoma koposa kuti ilipire kuchedwako. Mauthenga a alamu adayamba kuchepa, kenaka adaleka. Ine ndidati mwina foni yawo yafa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsiku lina kudabwera mawu akuti alamu agonekedwa m'chipatala kwawoko, ndipo matenda ake si amasewera. Mayi a kunyumba sadandifunse kanthu. Adatenga foni ya mwana wathu wamkulu, ija ya WhatsApp, adandigwira dzanja ngati mwana wokana sukulu, n'kukwera nane pachulu. Adadina, adayamba: "Achimwene, ndine. Chimanga chija tidadya, ana sadagone ndi njala, onse ali moyo chifukwa cha inu. Zikomo. Mulimbe mtima, tikukupemphererani. Alamu anu ali pano, akhala akukulemberani kalata kuyambira chaka chatha, nawa alankhule." Foni ija adandiika pakamwa.

Ufumu wa Undi udathawa m'mutu. Chipwitikizi chidathawa. Chimene chidatuluka n'chakuti, "Alamu... zikomo. Mudatiombola. Zikomo kwambiri, alamu." Mawu adanjenjemera, mphuno idatsekeka, ndipo pa nthawi yomweyo mbuzi ya m'khola idalira mokweza ngati ikundithandiza. Ndidati tifufute tiyambirenso bwinobwino. Mayi a kunyumba adati, "Wapita kale."

Yankho lidachokera kwa akazi awo a alamu, ndipo ndilo lidandivula wotchi ndi ulemu womwe. Adati alamu akhala akudandaula miyezi yonseyi kuti mwina thumba lija lidatinyoza, kuti munthu wophunzira ngati ine ndidakhumudwa kulandira thandizo kwa mlimi wosadziwa kulemba, n'chifukwa chake adaleka kutumiza mauthenga kuopa kundivutitsa. Adatinso chimanga chija adachita kutapa pa chochepa chimene iwo omwe ankadya, ndipo panyumba padali mkangano chisanatumizidwe. Pamene ine ndinkasankha mawu okoma patebulo, kukhala chete kwanga kudali kutafika kale ku Petauke, ndipo alamu adakuwerenga m'njira yawo. Akazi awo adati uthenga wathu utafika alamu adaumvera mobwerezabwereza, adaumvetsa odwala anzawo a mabedi oyandikana, adaumvetsa anamwino, ndipo usiku tulo tikasowa ankauika kukhutu. Adapempha phala tsiku lomwelo. Sindikunena kuti mawu anga adawachiritsa; adawachiritsa ndi mankhwala ndi anamwino aja. Koma munthu amamwa bwino mankhwala akadziwa kuti kunja kuli anthu amene akumuwerengera.

Alamu adachira, ndipo chilango changa chidayamba. Tidakumana mu Ogasiti ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique timakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Ndidanyamula nkhuku, ndidagwada, ndidawomba m'manja monga mwa mwambo. Iwo adandidzutsa, adandikumbatira, kenaka adaitana anzawo onse n'kutulutsa foni. "Tamverani mlembi wamkulu wa ku Chiputo!" Anthu a maiko atatu adamva mawu anga akunjenjemera, adamvanso mbuzi. Wina adafunsa kuti mwa awiriwo mlembi ndi uti. Alamu akuti uthengawo sadzaufufuta, ndipo mwana wawo adausunga pa mafoni awiri kuopa ngozi.

Ndaganizapo kwambiri chifukwa chimene timawu tochepa chotere timalemerera. Wovutika amaopa kuti waiwalika, ndipo wothandiza, makamaka amene watapa pa kusowa kwake, amafuna kudziwa ngati nsembe yake idafika. Onse awiri safuna luso. Ubwino wa pepala ndi uthenga wa pafoni ndi wakuti mlendo wodzakupepesa amatsanzika dzuwa likapendeka, koma izi zimatsala nawe, umazitulutsa pakati pa usiku pamene mtima wavuta. Amayi adali nalo pamfundo ya chitenje, alamu ali nalo m'thumba la malaya. Ndipo zikomo womangiriridwa ku pempho amafika atafa kale, poti wolandira amaona pempholo basi. Mnyamata wa ku Joni uja adandiuza zimenezi kalekale, ine n'kumva za wotchi zokha.

Tebulo langa likadalipo pansi pa mango, ngakhale masiku ano obwera ndi okalamba ochepa ofuna kuwalembera uthenga pafoni kapena kudzaza mapepala a kuboma. Wina akati ndimuthokozere mwana wake, ndimalemba zimene wanena, n'kuika cholembera pansi msanga dzanja lisanayambe zake. Ndimalipitsa theka, ngakhale mayi a kunyumba akuti ya zikomo iyenera kukhala yaulere, ndipo nkhaniyi tikukambiranabe. Kalata ya alamu ija ikadali m'kope. Masamba a ufumu wa Undi adzukulu adakulungira mtedza.

Inu amene mukuwerenga, pali wina amene adakusungani chaka chija: amene adakutapirani ufa, mnyamata amene adaubweretsa pa njinga, namwino amene adachezera ndi mwana wanu, kapena mbale amene ali kutali ndipo pano zamuthina. Musadikire mawu okoma, ine ndawadikira m'malo mwanu ndipo sabwera. Kwerani pachulu lero lomwe, nenani zikomo, tchulani chimene adachita, mulekere pomwepo. Za feteleza mudzanene sabata yamawa.